Ku Joni munthu amagula mapepala, njinga imabwera pambuyo

Ambiri mwakhala mukundifunsa za njinga yamoto yomwe ndinagula mwezi watha yoperekera zakudya. Ndikuyankheni nonse pamodzi.

Njinga zoti ndisankhepo zinalipo ziwiri. Ina Bajaj Boxer 150 ya mnyamata wina ku Rosettenville, yonyezimira, matayala atsopano, R11,000. Inayo Honda Ace 125 ya bambo wina wachikulire ku Germiston, penti yosuluka, mpando wong'ambika, koma mwiniwake atakakamira pa R14,000. Mtima unathamangira pa Boxer. Mpando wake wautali uja unandikumbutsa kabaza: anthu awiri kumbuyo, thumba la chimanga pathanki, ulendo ulipo.

Kwathu ku Dedza nkhani ikadathera pomwepo. Umatenga makaniko, iye amatchera khutu ku injini, kuyang'ana utsi, kuikwera mpaka kumsewu wafumbi n'kubwerera. Akangoti "ndi yamoyo iyi", mumalemberana kalata papepala long'amba mukope, tcheyamani wa pasiteji n'kukhala mboni. Za blue book afunsa ndani? Ma Lifo ambiri olowera ku Mozambique amakalamba osaonapo nambala.

Kuno khutu la makaniko limabwera kachiwiri. Choyamba ndi satifiketi ya NaTIS: dzina lili pamenepo likhale la munthu amene akukugulitsayo, ndipo nambala ya injini ndi ya chasisi uziwerenge wekha pachitsulo, chilembo ndi chilembo. Kenako pamafunika roadworthy, ndipo umwini uusinthe pasanathe masiku 21. Ife opanda ID ya kuno timafunikanso traffic register number, apo ayi njinga singalembedwe m'dzina lako. Wopanda disiki yamoyo, apolisi a Metro akakuimitsa, ganyu ya tsiku lonse yapita.

Apa ndi pamene Boxer inayamba kundikayikitsa. Mapepala anali m'dzina la munthu wina, ati msuweni wa mnyamata uja amene anabwerera kwawo. Msuweni wopanda foni, wopanda tsiku lobwerera! Komanso nditagwira injini ndinapeza ikutentha, chikhalirecho ndinali nditamuuza kuti asailize ndisanafike. Njinga yotenthetsa kale imabisa zambiri: kuvuta kulira m'mawa, utsi wa oyilo, kugogoda kwa mkati. Sindikunena kuti inali yakuba, mwina mnyamatayo analibe mlandu. Koma polisi ikadzaigwira, wokalongosola ndine, mlendo.

Panalinso za laisensi, zimene ambiri timaziiwala. Yanga ndi A1, yothera pa 125cc. Boxer ija imapitirira pamenepo, imafuna Code A. Kunena zoona mphamvu zake ndinazisirira, makamaka pokwera zitunda za ku Kensington bokosi lili kumbuyo.

Bambo wa ku Germiston uja ananditulutsira envulopu yodzaza malisiti a sevisi, ena osawerengeka n'komwe. Injini inali yozizira ngati mwala wa kudambo, ndipo inalira nditaponda kachiwiri. Tcheni chinali chotha, mano a sipuloketi osongoka ngati minga, shoko yakutsogolo ikudontha oyilo pang'ono. Zimenezo sizinandiopse, n'zinthu zoti ugula n'kumanga Loweruka limodzi. Mita ya makilomita sindinaikhulupirire pa njinga zonse ziwiri, chifukwa njinga zoperekera zakudya zimayenda usana ndi usiku ndipo mita imabwezedwa. Ndinayang'ana mphira wa popondera ndi zogwirira, amene sanama. Titakambirana anandichotsera R500 ya tcheni, ndinatenga Honda.

Sabata yatha mng'ono wanga anaimba kuchokera ku Lizulu, akufuna ndimuthandize kugula ya kabaza. Ndinamuuza kuti ndalama ndituma, bola akailembetse ku Road Traffic ndipo agule zipewa ziwiri. Anaseka mpaka kutsokomola, ati achimwene Joni yakulowani m'mutu, makasitomala amakana chipewa poopa nsabwe za anzawo. Ndalamazo ndikadali nazo, ndamuuza anditumizire kaye chithunzi cha nambala ya chasisi.