Mutu umodzi susenza denga: phunziro la ku Embangweni

Kale denga la nkhokwe ankalimangira pansi. Likatha, mwini wake ankamema anansi kuti alinyamule pamodzi ndi kulikhazika pamwamba, pakuti munthu woyesa yekha akadathyoka khosi, denga n'kuphwasuka. M'menemo ndi m'mene munachokera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu umaoneka bwino pa mbiri ya maphunziro a Mawu a Mulungu kumwera kwa boma la Mzimba.

M'chaka cha 1902 mbusa wa ku Scotland, a Donald Fraser, anakhazikitsa mishoni ya Loudon, imene lero imadziwika kuti Embangweni. Angoni anawatcha Chisekeseke chifukwa cha nsangala zawo. Ntchito inawachulukira kwambiri: kulalikira, kusula aphunzitsi a sukulu za m'midzi powamasulira Malembo, kuyendera mipingo mpaka kuchigwa cha Luangwa kwa Asenga, kuchititsa misonkhano ya chitsitsimutso yosonkhanitsa anthu zikwizikwi, ndiponso kulemba mabuku. Mayi Agnes Fraser, amene anali dotolo, ankasamalira odwala.

Nzeru ya a Fraser inali yakuti sanaumire katundu yense. Analola amayi achikulire, otchedwa balalakazi, kuti azilangiza amayi anzawo mumpingo. Analimbikitsanso Angoni kupeka nyimbo zachikhristu m'mayimbidwe a makolo awo, ndipo kunatuluka akatswiri monga a Mawelera Tembo, a Peter Thole ndi a Charles Chinula. Chiphunzitso chimene chikadathera m'kalasi chinalowa m'nyimbo, ndipo agogo osadziwa kuwerenga anachisunga pamtima.

Komabe panali mbali ina ya denga imene amishoni a Livingstonia anachedwa kuipereka kwa eni dziko, ndiyo ubusa. A Charles Domingo anamaliza maphunziro a zaubusa ku Livingstonia ndi kutumikira ku Loudon, koma zaka zinapita osadzozedwa. Atasemphana maganizo ndi a Fraser, anachoka m'chaka cha 1908, ndipo mpingo unataya munthu wophunzira bwino. Abusa oyamba achikuda, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914. Apa mpamene zinaoneka kuti mphunzitsi wosula ophunzira koma osawapatsa udindo afanana ndi mlimi wofesa mbewu n'kumaiphimba ndi mwala.

A Fraser anabwerera kwawo m'chaka cha 1925 ndipo anamwalira mu 1933. Phulusa la thupi lawo linabwezedwa ku Embangweni, ndipo a Jonathan Chirwa atamwalira anaikidwa pafupi nawo. Manda awiriwo akuchitira umboni kuti mphunzitsi ndi wophunzira anafika posenza denga limodzi.

Masiku ano abusa amasulidwa ku Ekwendeni, ku Zomba ndi m'malo ena, ndipo aphunzitsi awo amathamanga pakati pa kalasi, guwa, maliro ndi misonkhano ya sinodi. Kutanganidwa kotereku kuli ndi ulemu wake, koma akuluakulu anachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Adzukulu a lero, kaya adzakhala abusa kaya aphunzitsi, akumbukire kuti ukulu wa mphunzitsi suyesedwa ndi kuchuluka kwa maulendo ake, koma ndi anthu amene anawadalira n'kuwasiyira ntchito iye akali moyo.