Cizindikilo cofunsa pa Macintosh Plus

Ife osunga makompyuta akale timacidziŵa bwino cithunzi ici. Mwayatsa Macintosh Plus ya mu 1986, koma pa sikilini pangobwela kadisiki kokhala ndi cizindikilo cofunsa, cikuphethila. Makinawo akutiuza kuti sanapeze disiki yoyambila.

Sitifulumila kunena kuti hard drive yafa. Plus ilibe yake mkati, imadalila yakunja yolumikizidwa pa SCSI. Conco timayamba tayatsa drive, n'kudikila mpaka imveke kuti ikuzungulila bwino, kenako kompyuta. Ikakanabe, timaona manambala. Cipangizo ciliconse cikhale ndi yake, kuyambila 0 mpaka 6, pakuti 7 ndi ya kompyuta. Ziŵili zikalimbilana nambala imodzi, kompyuta imasokonezeka. Cipangizo cakumapeto kwa mzele cimafunanso terminator. Zingwe timazigwila zonse zili zozima.

Drive ikadzuka, timakopela zonse tsiku lomwelo, osati maŵa, cifukwa mwina kumeneko ndiye kudzuka kwake kothela. Makina ena tingawapeze pa intaneti. Koma makalata amene makolo athu analemba mmenemo sagulitsidwa kulikonse.