Boti Lopanda Makwerero ndi Msampha

Ku Chinguluwe anthu amadziwa za thonje, koma pa tchuthi ena amatsikira ku Senga Bay kukaona nyanja. Kumeneko maboti a injini amatengera alendo ku chilumba cha Namalenje kukasambira. Kudumphira m'madzi n'kosavuta, abale. Chintchito chili pokweranso. M'mbali mwa boti laliwiro ndi motalika komanso moterera, ndiye munthu akatopa amakagwira kumbuyo, komwe kuli pulopela yodula ngati chikwanje.

Eni maboti, mangani makwerero a chitsulo chosachita dzimbiri, olowa m'madzi masitepe atatu, patali ndi pulopela. Munthu akamakwera zimitsani injini, ndipo pindani makwererowo musananyamuke. Mwera ukavuta m'mwezi wa July, wosambira wotopa sangakwere ndi manja okha.