Mvula yathu imabadwira ku nyanja ya mchere

Lero ndalemba zazitali, mupirire nane. Chandilembetsa ndi nkhani yomwe tinakambirana kwa achemwali ku Kanjedza, yoti mphwanga wapeza puloti yotchipa m'mwamba mwa phiri la Soche, ndiye tisonkhe ya njerwa. Ine sindisonkha nawo, ndipo chifukwa chake ndichinene poyera, kuti mawa wina asadzati amalume ndi aumbombo.

Sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma khasu ndaligwira zaka zoposa 40, wailesinso ndimamvera. Chimene ndatolapo n'chakuti mvula yathuyi sibadwira kuno ayi. Yambiri imachokera ku nyanja ya mchere ya India, kuseri kwa Mozambique, nyanja yoti ambirife sitinaionepo. Dzuwa likawotcha madzi a m'nyanjamo nthunzi imakwera, ngati mmene zimachitikira pa mphika wa nyemba, mphepo n'kuinyamula kubwera nayo kumtunda. Ikagunda mapiri athuwa imakwera, kumwambako n'kozizira, basi imasanduka mitambo n'kugwa. N'chifukwa chake tiyi amakondwa ku Thyolo ndi ku Mulanje pomwe ku Chikwawa anthu akupsa ndi dzuwa. Ngakhale chiperoni chotizizira mu Juni ndi Julaye chija, dzina lake ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique komwe mphepoyo imadzera.

Nanga bwanji ife tili pamwamba, a ku Chikwawa ali pansi? Akatswiri a miyala amati chikamba cha dziko lapansi n'chogawikana zidutswa zikuluzikulu zomwe zimasuntha pang'onopang'ono. Kwathu kuno ziwiri zikutayana, mamilimita ochepa pa chaka. Pakati pake panatitimira, ndi pomwe pali nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire. Chivomezi cha ku Salima cha 1989 ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi mboni yoti pansipa sipanagone. Ife tinatsala pamtunda, pa malo otsetsereka, pomwe dothi langofunda pamwamba pa thanthwe ngati bulangete.

Tsopano kumbukirani Freddy. Namondwe ameneyu anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Namondwe chakudya chake ndi madzi ofunda a m'nyanja, ndiye anawoloka nyanja yonse ya India akudya, makilomita oposa 8,000. Anamenya Madagascar, n'kulowa Mozambique, n'kubwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu zina, kenaka pa 11 Marichi anatulukira ku Quelimane n'kulunjika kuno. Anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa choncho. Madzi onse anasenzawo anadzawatula pa mapiri athu. Usiku wolowera pa 13 Marichi dothi la Soche linakhuta madzi, bulangete lija linasereka pathanthwe, matope ndi miyala yaikulu ngati minibasi n'kutsikira m'nyumba za anthu ku Chilobwe. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Ambirife tinayenda maliro sabata imeneyo, sindikufuna kutosa mabala.

Ena mumati anali Napolo. Sindinyoza makolo. Iwo anaona madzi akuphulika m'phiri la Zomba mu 1946, enafe tikukumbuka za ku Phalombe mu 1991, ndipo anachipatsa dzina chinthu choopsacho kuti ana asamamange m'njira yake. Nzeru yake inali yomweyo: madzi saiwala khwawa. Kusiyana kwake n'koti lero Napoloyo amaoneka akadali pa nyanja. A zanyengo amamuona pa makina awo masiku angapo asanafike, ndipo za Freddy analengeza pa wailesi asanatipeze.

Tili anyamata, Soche, Ndirande ndi Mpingwe munali mitengo, nkhalango ya Kanjedza inali yowirira. Mizu inkagwira dothi, masamba ankachepetsa ukali wa mvula. Lero yambiri inapita ku makala, nkhuni ndi mauvuni a njerwa. Sindiloza munthu chala, umphawi ndi renti ya m'tauni tonse tikuzidziwa. Koma iwe mphwanga, puloti ikatchipa kwambiri uzifunsa chatchipitsa. Ukayang'ane miyala yozungulira malowo, udzifunse kuti inafika bwanji pamenepo. Bola chipinda chimodzi cha renti pamalo abwino kusiyana ndi nyumba ya malata yoti mvula ikayamba usiku ana osagona. Ukapeza malo kwina, thumba langa la chimanga ndigulitsa, ndisonkha woyamba.

Nyanja zomwezi zimathanso kutimana. Madzi a nyanja ya Pacific akafunda kwambiri cha ku Peru, zomwe amati El Niño, mphepo zimasokonekera ndipo kum'mwera kwa Africa mvula imachepa. Tinaziona mu Febuluwale 2024, chimanga chikufota pa nthawi yomasula, mpaka mu Marichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anabzalako chinangwa, mbatata ndi nandolo anapumako.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu a m'tauni muli ndi mafoni a intaneti, mukaona chenjezo la a zanyengo musamangodina chala n'kupitirira. Imbirani kumudzi, tumizani pa gulu la WhatsApp la banja, munene m'Chichewa chomveka. Akati namondwe wafika ku Madagascar, yambani kulongedza ziphaso ndi mankhwala, ndipo amene ali m'mphepete mwa phiri kapena mtsinje akagone kwa abale. Inu anzanga akumudzi, mizere tidule mopingasa chitunda, akalozera tikonze, vetiva tibzale, ndipo mvula yoyamba ya chizimalupsa isatinamize kukwirira mbewu yogula ndi ngongole.

Amene muli ndi mbewu ya vetiva kapena mbande za mitengo mundiuze m'munsimu, Loweruka ndili ku msika wa Limbe ndi mpiru, tidzasinthana.