Vinyo Watsopano ndi Thumba Lakale

Sabata ino tisinkhesinkhe pamodzi za chinthu chimene chinandisowetsa tulo kwa masiku angapo: kompyuta yakale imene malemu malume anga anandisiyira.

Kompyutayi ndi yam'manja, ndipo malume anaigula kwa munthu amene anali ataigwiritsa kale ntchito. M'menemo ndimasungamo maminitsi a misonkhano ya achinyamata, mayina a akhristu a mphakati wathu kuno ku Area 47, ndi zithunzi za tsiku limene mlongo wanga analandira Ukaristia koyamba. Inkayendera Windows 10, imene inatuluka mu 2015. Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera Windows 10, monga inachitira ndi Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020. Kompyuta yotere siizima ayi, imayakabe bwinobwino. Koma ikakhala pa intaneti ili ngati nyumba imene mlonda wake wachoka: bowo lililonse limene akuba alipeza silitsekedwanso.

Ndinayesa kusamukira ku Windows 11, imene inatuluka mu 2021, koma kompyuta yanga inakanidwa. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, purosesa ya zaka zaposachedwa, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ziwiri zomalizazi yanga inalibe. Mnyamata wina wokonza makompyuta anandiuza kuti angathe kuikakamiza, koma ndinadziwa kuti kompyuta yokakamizidwa motero ilibe chitsimikizo choti idzalandirabe zigamba zija. Chinatsala n'kugula yatsopano. Ndalama zokha zimene ndinali nazo zinali zimene ndinkasungira mlongo wanga, za fizi ya teremu yotsatira.

Pano ndiulule tchimo langa. Ndinkauza amayi kuti ndikudera nkhawa mayina a akhristu, koma chimene chinkandidya mumtima chinali manyazi. Loweruka lina tinakumana ndi anzanga pafupi ndi Gateway Mall, mmodzi natulutsa kompyuta yopyapyala, yonyezimira. Yanga, ya batire lofooka ndi batani limodzi lothothoka, sindinaitulutse n'komwe m'chikwama. Nkhani ya chitetezo inali yoona ndithu, koma ine ndinaisandutsa chofunda cha kaduka kanga.

Pa chaputala 9 cha Mateyu Woyera, Ambuye Yesu akupereka fanizo la vinyo watsopano ndi matumba achikopa. Kale ndinkalimva ngati lamulo loti chakale chilichonse chitayidwe. Nditaliwerenganso modekha, ndinaona kuti nkhawa ya Ambuye ndi yoti pasatayike kanthu, vinyo ngakhale thumba. Funso langa linasintha. Ndinaleka kufunsa kuti chatsopano n'chiti, ndinayamba kufunsa kuti chofunika kupulumutsa n'chiti.

Choncho ndinagula mafulashi awiri ndi kuyamba kukopera zonse. Ndikusanthula mafayilo, ndinapeza imodzi ya malume imene sindinaitsegulepo. Munali mndandanda wa fizi imene anatilipirira ine ndi mlongo wanga, teremu ndi teremu, kwa zaka zambiri. Apo ndinamvetsa chifukwa chake munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi anakhalabe ndi kompyuta yakale mpaka imfa yake. Ndinakhala chete kwa nthawi yaitali, ndipo maganizo okhudza ndalama za fizi anathera pomwepo.

Fulashi imodzi ndinakasiya kwa wapampando wa achinyamata, ina ndinasunga ndekha. Kenaka mnzanga wina wa m'kwaya anandithandiza kuchotsa Windows 10 ndi kuikamo Linux Mint, imene ndi yaulere, imalandirabe zigamba zachitetezo, ndipo siilemera pa makompyuta akale. Sindikunamizani, masabata oyamba anali ovuta. Pulogalamu ya LibreOffice inatsegula makalata anga onse, koma mizere ya maminitsi ena inasokonekera, ndipo ndinachita kuphunziranso pamene chinthu chilichonse chimakhala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Lero kompyutayo ikugwira ntchito, ndipo mlongo wanga ali kusukulu.

Sindikunena kuti kugula kompyuta yatsopano n'kulakwa. Amene yake ikuvomera Windows 11 asamuke ndithu, atakopera kaye zinthu zake. Amene ntchito yake ikufuna makina amphamvu agule popanda kudziimba mlandu. Carlo Acutis, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025, anagwiritsa ntchito kompyuta pofalitsa zozizwitsa za Ukaristia. Timamukumbukira chifukwa cha zimene anachita nayo, osati mtundu wake. Papa Francis nayenso, m'kalata ya Laudato Si' ya mu 2015, anatichenjeza za chizolowezi chotaya zinthu zikadali zothandiza.

Sabata ino, mbale wanga, usanasinthe foni, kompyuta, ngakhale bwenzi, dzifunse moona mtima pamaso pa Mulungu: ndikusintha chifukwa cha kusowa, kapena chifukwa cha maso a anthu? Ndipo ndani alipire mtengo wake?

Mzimu Woyera atipatse nzeru yodziwa choyenera kusunga ndi choyenera kusiya. Amen.