Lusaka ya usiku pa pepala lonyowa

Ngati mumapita pa flyover ya Independence Avenue tsiku lililonse, maso ali pa foni kapena pa basi ya ku komboni, yesani kuimako pang'ono cha m'ma 18 hours. Pansi panu pali njanji, kumbuyo Kamwala, chapafupi mabasi a pa Intercity ayamba kuyatsa malaiti. Kutsogolo kuli Findeco House, nsanjika 23, yowonda pansi koma yofutukuka pamwamba. Masana imaoneka yotopa maningi, fumbi lokhalokha. Dzuwa likangolowa imasanduka mthunzi wakuda wokhala na timawindo towala apa na apo, ndipo mthunzi ndiwo wosavuta kupenta.

Penti wake ni uja wa madzi, watercolour, wa m'kabokosi ka ana a sukulu. Olo uja wotchipa agwira nchito. Ndalama ikani pa pepala, lija lokhuthala la 300gsm, chifukwa la mu exercise book limapindika likangomwa madzi.

Manje mvetserani apa. Mu watercolour choyera ni pepala lenilenilo. Mukaphimba na penti wakuda, kwatha, sichibwerera. Choncho muyambira pa kuwala, mdima ubwera pa last. Ambiri amathamangira wakuda chifukwa ati ni usiku, chithunzi n'kutuluka monga makala onyowa. Yang'anani bwino kumwamba kwa tauni: kuli buluu wozama, kuli kofiirira kumene malaiti akumana na fumbi, makamaka mu October. Sakanizani buluu na bulauni, muzapeza mdima wamoyo.

Kandulo ija yotsala pa load shedding musataye. Lembani nayo timadontho pomwe pali mawindo na malaiti a mumsewu musanayambe kupenta. Phula silimwa madzi, ndiye mukadutsa na burashi timadontho tija titsala towala. Malaiti a motoka ni nkhani ina: nyowetsani pepala na madzi chabe, dontheza yelo kapena wofiira, musiye ayende yekha. Osamuthandiza. Mvula ikayamba mu November tara imanyezimira, laiti iliyonse imakhala na inzake pansi, ndipo kwa ine Cairo Road yonyowa ipambana malo onse mu Lusaka. Usiku umene malaiti apita mbali imodzi ya tauni, chithunzi chimakoma futi, ngakhale ba mayi a mu saluni sangavomere.

Koma pa bulichi usiku si pocheza. Foni imapita mosalaira. Pitani awiri kapena atatu, jambulani mizere na pensulo kukali kowala, mphindi 20 zakwana, lembani m'mbali mitundu imene mwaona, penti mukapake kunyumba. Nyumba za asilikali na State House zisiyeni. Bulichi ya oyenda pansi ya pa Manda Hill ili bwinoko chifukwa anthu sasowa, ndipo Great East Road imaoneka monga mitsinje iwiri, wina woyera wobwera, wina wofiira wopita.

Chikauma, musachibise pansi pa matiresi. Ku Showgrounds kuli Henry Tayali Visual Arts Centre, yotchedwa dzina la katswiri wa zojambula amene anamwalira mu 1987. Nyamulani mapepala anu atatu, muonetse ojambula amene mupeze kumeneko, mufunse kuti mdima wanu aupeza bwanji.