Kutembenuza mawu ndi ma pointer mu C

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta m'chiyankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, ndipo ndimaumirira kuti wofuna ntchitoyi ayambe waphunzira kutembenuza mawu ndi ma pointer. Njira yake ndi yachidule. Mu C, mawu ndi mzere wa mabaiti wothera pa baiti ya ziro. Pointer imodzi iloze chilembo choyamba, ina chomaliza. Sinthanitsani zilembozo, ma pointer aja asendere chapakati, mubwereze mpaka akumane kapena adutsane.

Kusinthanitsako n'kosavuta, luso lagona m'malire. Mukalozetsa pointer yachiwiri pa ziro uja m'malo mwa chilembo chomaliza, ziroyo amabwera kutsogolo, mawu onse n'kuoneka ngati asowa. Mzere ukakhala wopanda chilembo n'chimodzi chomwe, strlen, imene imawerenga kutalika kwa mzere, imabweza 0, ndipo kuchotsapo 1 kumaponya pointer kunja kwa mpanda. Malamulo a C salonjeza kanthu pamenepo, choncho pulogalamu ikhoza kuyenda bwino lero n'kudzagwa mawa. Mukayesa kutembenuza mawu olembedwa mwachindunji mu pulogalamu, pa Linux nthawi zambiri mumalandira segmentation fault, chifukwa malo amene mawuwo akhala saloledwa kulembamo. Palinso msampha umene ambiri sauona: mu UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, chilembo cha ŵ cha m'dzina la Malaŵi chimatenga mabaiti awiri, C5 ndi B5. Mukatembenuza baiti ndi baiti, awiriwa amasemphana, ndipo pa sikirini pamatuluka zosawerengeka.

Ena amati kuvutikiranji, pomwe mu Python kamzere kamodzi kamamaliza zonse. N'zoona, ndipo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku sindingawatsutse. Koma Python imene ambiri amagwiritsa ntchitoyo inalembedwa mu C, kutanthauza kuti alipo wina amene anawerengera malirewo m'malo mwawo. Enanso amati ma pointer amathamanga kuposa kuwerenga malo ndi nambala. Apa ndiye ayi, compiler yamakono kawirikawiri imatulutsa zofanana. Chifukwa chophunzirira kutembenuza mawu ndi ma pointer si liwiro, koma kuti munthu azolowere kufunsa kuti baiti imene akuigwirayo ndi yake kapena ya eni.

Inu ophunzitsa, musachonge yankho la wophunzira poyesa ndi "abc" yekha. Mpatseni mzere wopanda kanthu, wa chilembo chimodzi, kenako mumpatse Malaŵi.